Ndilembe mmisiri uti wokonza pabwalo kudera lotentha, la mvula yochepa?

Mwinimpanda:

Abale odziwa za mitengo ndi maluwa, ndigawireni nzeru. Nyumba yatha kumangidwa koma pabwalo padakali zigumu za simenti ndi fumbi lokhalokha. Malo oti akonzedwe ndi masikweya mita pafupifupi 400. Dera lake ndi lotentha kwambiri, mvula imagwa miyezi yochepa, miyezi yotsalayo ndi dzuwa ndi mphepo youma. Madzi ndi a pachitsime choboola ndi makina, amapopedwa kulowa m'thanki ya malita 5,000 imene ili pa nsanja ya mamita 3, ndipo thanki yomweyo ndi imene imapereka madzi a m'nyumba.

Amisiri atatu anena zawo. Woyamba akuti adzale kapinga pa masikweya mita 250 ndi kuika masipulinkala. Wachiwiri akuti ayale pulasitiki wakuda pansi, athire timiyala pamwamba, adzale alovera ndi khonje apa ndi apo, nkhani ya madzi ithere pomwepo. Awiriwa atchula ndalama zawo pafoni atangoona zithunzi. Wachitatu wakana kutchula ndalama asanabwere kudzakumba dothi ndi kuyesa madzi, ndipo akufuna ndimulipire ulendo woyesawo. Ndiyang'ane chiyani posankha? Nanga papepala la mgwirizano palembedwe zotani kuti ndisadzalire mawa?

Wamthirira:

Achimwene, mulipireni wachitatuyo abwere. Sindikunena kuti ntchito yonse mumupatse iyeyo ayi, koma zimene akufuna kuyesazo ndi zimene zidzagamule ngati zodzala zanu zidzapulumuke chilimwe choyamba. Mmisiri amene sanakufunseni kuti madzi muli nawo ochuluka bwanji sanayambe n'komwe kuganiza za pabwalo panu.

Tiwerenge kaye za woyambayo. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Kapinga, ngakhale wa mtundu wopirira dzuwa, kutentha kukafika pachimake amafuna mamilimita 25 mpaka 40 pa sabata kuti akhale wobiriwira. Titenge 30. Pa masikweya mita 250 ndiye malita 7,500 pa sabata, ndipo amenewo ndi madzi ofika ku mizu. Sipulinkala imatayitsa ena ku mphepo, ena amauma asanalowe pansi, ena amagwera pakhoma, moti mudzapopa pafupifupi malita 10,000. Ndi mathanki anu awiri odzaza sabata iliyonse, m'nyumba musanatunge ngakhale chidebe chimodzi. Funso n'lakuti kodi chitsimecho chimatha kupereka madzi otere m'miyezi yomaliza ya chilimwe, pamene madzi apansi amakhala atatsika?

Chachiwiri ndi mphamvu ya madzi. Thanki ikakwera mamita 10 m'pamene imapereka bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi). Yanuyo ili pa mamita 3, ndiye ikupereka 0.3 basi. Masipulinkala otumphuka pansi aja amafuna bar ziwiri kapena kuposerapo. Popanda pampu yokankha madzi adzangochucha m'mbali, kapinga adzabiriwira mozungulira sipulinkala iliyonse, pakati pake n'kupsa. Onani koteshoni ya woyambayo: ngati mulibe pampu, munthuyo sanawerenge chilichonse.

Wachitatuyo akabwera, muoneni ngati achite izi. Atsegule mpopi umene mthirira udzachokere, aike ndowa ya malita 20, awerenge nthawi. Ikadzaza m'mphindi imodzi, muli ndi malita 1,200 pa ola, ndipo mmisiri wosamala sadzalumikiza zinthu zofuna madzi oposa malita 900 pa ola pa valavu imodzi, kuti pakhale potsala.

Pa mitengo ndi maluwa funani mthirira wodontheza. Zida zake zimatsatana motere kuchokera ku thanki: valavu yotsekera, pampu ngati ikufunika, fyuluta yosefa madzi ya mesh 120 kapena 150 (nambala yosonyeza kuchepa kwa timabowo take), chochepetsa mphamvu ya madzi kuti ikhale pakati pa bar 1.5 ndi 2 ngati pali pampu, kenako mapaipi akuda a mamilimita 16. Mzere umodzi usapitirire mamita 60, apo ayi zodzala za kumapeto zimalandira madzi ochepa kuposa za koyambirira. Kumapeto kwa mzere uliwonse kukhale kotsegula kuti muzitsuka matope. Timadontho, kapena kuti tizipangizo todontheza madzi toikidwa pa mapaipiwo, timabwera ta malita 2, 4 kapena 8 pa ola. Apa pali msampha: timadontho tija todzilinganizira tokha mphamvu, timene timathandiza pamalo otsetsereka, sititseguka bwino mphamvu ikakhala yochepa ngati 0.3. Ngati simuika pampu, mmisiri agule timadontho wamba kapena topangidwira mathanki, mizere ikhale yaifupi, ndipo thayimala, chipangizo chotsegula ndi kutseka madzi chokha pa nthawi yoikika, ikhale ya mtundu wosadalira mphamvu ya madzi kuti itseguke. Mathayimala ambiri safuna kugwira ntchito pa thanki yotsika chonchi.

Komanso mitengo, maluwa ndi kapinga zisakhale pa valavu imodzi. Mtengo umafuna madzi ambiri mwa apo ndi apo, olowa pansi masentimita 60 mpaka 90. Zitsamba zimafuna ofika 30 mpaka 60. Kapinga amafuna ochepa koma pafupipafupi. Mukazimanga pamodzi, chimodzi chidzavunda mizu pamene china chikufota.

Mayi_wa_Nazale:

Akulu Wamthirira anena za madzi, ine ndinenepo za dothi ndi zodzala, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimaonongekera mwini nyumba osaona.

Pamalo pamene pamangidwa kumene, dothi limakhala litapondedwa ndi magalimoto ndi mawilibala mpaka kulimba ngati msewu, ndipo pansi pamakhala zigumu za njerwa ndi zotsalira za simenti. Mmisiri wothamanga amangothira dothi lakuda pamwamba, masentimita asanu, kusalaza, n'kudzala. Miyezi iwiri yoyamba zimaoneka bwino. Kenako mizu ikafika pa dothi lolimba lija imabwerera, imangoyenda chopingasa m'kadothi kapamwambako, ndipo kadothi kameneko ndi kamene kamatentha ndi kuuma msanga. Ntchito yoyenera ndi kuchotsa zigumu zonse, kugaula kapena kutipula pansipo masentimita 20 mpaka 30, ndi kusakaniza dothi latsopanolo ndi lakalelo kuti pasakhale malire pakati pawo. M'mabedi a maluwa ndi pamalo a kapinga asakanize kompositi yowola bwino, mulingo wa masentimita asanu, m'masentimita 15 mpaka 20 apamwamba. Ngati dothi lanu ndi lamakande, musalole kuti athiremo mchenga mawilibala angapo poti alifewetse. Mchenga wochepa m'makande umangoliumitsa kwambiri. Chimene chimalimasula ndi kompositi.

Dothi logula mulione lisanatsitsidwe m'galimoto. Mukaona timizu toyera tokhala ndi timibulu ta dawe, kanani. Dawe akalowa m'bedi lothiriridwa, mudzalimbana naye zaka.

Kuyesa kalowedwe ka madzi sikufuna makina. Akumbe dzenje lakuya masentimita 30, alidzaze madzi, adikire aphwe, alidzazenso, kenako ayese ndi rula kuti akutsika bwanji. Masentimita 2.5 mpaka 5 pa ola ndi bwino. Akamatsika osafika sentimita imodzi pa ola, pansi pali vuto. M'madera ouma ambiri mumapezeka chigamba cholimba choyera cha laimu pansi pa nthaka. Mukachidonthezera vinigala chimachita thovu. Mtengo wodzalidwa pamwamba pa chigamba chotero uli ngati uli mumphika wopanda chiboo: madzi amadikha, mizu imavunda, mwini wake n'kumawonjezera madzi poona masamba akufota. Dzenje la mtengo liyenera kuboola chigambacho. Akumbe mayenje oyesera atatu kapena anayi m'malo osiyana, chifukwa kutsogolo ndi kuseri kwa nyumba imodzi dothi limatha kusiyana.

Tsono za wachiwiri uja. Miyala si yoipa, koma pulasitiki wakuda pansi pake ndi woipa. Amatsekereza mvula yochepa imene mumalandirayo kuti isalowe, amatsekereza mpweya ku mizu, ndipo pakapita zaka zochepa amang'ambika, fumbi limadzaza pakati pa miyala, udzu n'kumera pamwamba pomwepo. Komanso bwalo lonse la miyala popanda mthunzi limasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, nyumba imatentha kuposa kale. Chimodzimodzi kapinga wapulasitiki: padzuwa la masana amatha kupitirira madigiri 60, mwana sangapondepo wopanda nsapato.

Choyamba kulowa pa pulani chikhale mitengo ya mthunzi, makamaka chakumadzulo kwa nyumba kumene dzuwa la masana limawomba khoma. Iwiri kapena itatu yoikidwa pabwino imachepetsa ludzu la zonse zodzalidwa pansi pake. Mmisiri akakuuzani mayina, funsani kuti mtengowo ukakula umatambalala mamita angati, ndipo mizu yake imayenda bwanji. Kachere ndi abale ake a mtundu wa Ficus amasaka madzi m'mapaipi ndi kutukula simenti, asayandikire nyumba kapena thanki ya zimbudzi. Bulugamu amamwa kwambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri. Lantana ndi Prosopis juliflora zimapirira chilala, inde, koma zimafalikira mosaletseka ndipo maiko ambiri amazitenga ngati zomera zoononga. Ngati pakhomo pali ana kapena ziweto, dziwani kuti oleander ndi Adenium zili ndi poizoni, ndipo utomoni wa nkhadze umapweteka maso koopsa. Bougainvillea, frangipani, mitundu ya alovera ndi khonje, ndi mitengo yachilengedwe ya dera lanulo ndi zimene sizikhumudwitsa zikagwira.

Zodzala zikafika, zulani chimodzi kapena ziwiri m'chubu muone mizu. Yoyera, yofalikira, ndi yabwino. Ikakhala yozungulira ngati chingwe m'mbali mwa chubu, chomeracho chakhalitsa, ndipo mtengo wotere umadzinyonga wokha ukamakula. Musakopeke ndi msinkhu: kamtengo kakang'ono ka mizu yabwino kamagwira msanga ndipo kawirikawiri kamadzapitirira waukulu wopanikizika mizu. Funsaninso ngati zinali pamthunzi ku nazale. Chomera chochoka pansi pa neti kupita padzuwa lowala tsiku lomwelo chimapsa masamba. Chimafunika sabata imodzi kapena awiri chikuzolowera pang'onopang'ono.

Dzenje likhale lotambalala kawiri kapena katatu kuposa chibulumwa cha mizu, koma lisazame kuposa chibulumwacho. Pamene thunthu limayamba kufutukuka kukhala mizu pazioneka pamwamba pa nthaka. Kuzamitsa mtengo ndi kumene kumapha mitengo yambiri mwakachetechete, patatha chaka kapena ziwiri, mmisiri atapita kalekale. Pokwirira abwezeremo dothi lomwe linatulukamo. Akadzaza dzenje ndi manyowa okhaokha, mizu imakana kutuluka kunja. Ndipo nthawi yodzala ikhale pamene kutentha kwatsika kapena mvula ikuyamba. Amene akukakamiza kudzala pakati pa chilimwe akuthamangira malipiro.

Kapitawo:

Za pepala. Koteshoni ya mzere umodzi yoti "kukonza pabwalo ndi kudzala maluwa" musailandire, chifukwa simungayerekeze amisiri atatu ngati aliyense akugulitsa chinthu chake. Lipirani pulani payokha, yojambulidwa ndi miyeso, kenako muwapatse onse atatu pulani yomweyo kuti atchule ndalama pa ntchito imodzi. Mgwirizane kuti pulaniyo ndi yanu ngakhale ntchito mutapatsa wina.

Mumgwirizano chomera chilichonse chilembedwe ndi dzina lake lasayansi, chiwerengero, kukula kwa chubu ndi kutalikirana kwake podzala, ndipo pakhale mawu oti sangasinthe chomera popanda inu kuvomera. Dothi, kompositi ndi zophimbira zilembedwe m'makiyubiki mita, osati "matiripi". Kiyubiki mita imodzi imaphimba masikweya mita 10 pa masentimita 10, kapena 20 pa masentimita asanu, ndipo ndi mawilibala pafupifupi 15, choncho mukhoza kuwerenga nokha ngati zafika zonse. Zida za mthirira zilembedwe chimodzichimodzi ndi mtundu wake. Alembenso amene adzachotse zinyalala, ndi amene adzalipire akaboola paipi kapena waya wa magetsi wapansi. Asanakumbe, muyende naye mumuonetse modutsa mapaipi, mawaya ndi ngalande za zimbudzi.

Chimene ambiri amaiwala kudera louma ndi mvula. Ikabwera imabwera yamphamvu, pa nthaka youma yosamwa msanga. Nthaka ichoke pakhoma la nyumba motsetsereka, itsike masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Madzi a padenga asathamangitsidwe kunja kwa mpanda: atsogoleredwe ku mabeseni osaya ozungulira mitengo, kutali ndi maziko. Denga la masikweya mita 150 pa mvula ya mamilimita 20 limatsitsa malita 3,000. Mmisiri amene wajambula zimenezi pa pulani osauzidwa ndi wofunika kumusunga.

Malipiro agawidwe potsata ntchito yooneka. Ya poyambira isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Ina akamaliza kukonza nthaka, ina mthirira ukayesedwa inu mukuona mapaipi asanakwiriridwe, ina akadzala. Musunge 10 pa 100 iliyonse mpaka nthawi ya chitsimikizo itatha. Chitsimikizo cha miyezi itatu chimene chikuthera m'nyengo yozizira sichikutetezani, chifukwa mayeso enieni ndi chilimwe. Kambiranani kuti cha mitengo chidutse nyengo yotentha imodzi yathunthu. Apa chilungamo chikhale mbali zonse: mmisiri sangalipire chomera chimene inu simunathirire. Choncho ndondomeko yothirira ilembedwe, ndipo zidziwike kuti miyezi yoyambayo wothirira ndani.

Pomaliza kusankha, musapite kukaona ntchito imene anamaliza mwezi watha. Pemphani ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mukaione nyengo yotentha, mulankhule ndi mwini wake mmisiriyo palibe. Mufunse kuti zinafa zingati, anabwera kudzasintha kapena foni inasiya kuyankhidwa, ndipo madzi akutha ochuluka bwanji.

Mwinimpanda:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndatsala ndi ziwiri. Ana akufuna poseweretsa mpira, kodi kapinga ndimusiyiretu? Komanso ndimaopa kuphimbira nthaka ndi makungwa kapena udzu wouma chifukwa cha chiswe. Ndaonanso kuti pamene pamadontha mpopi wapanja pamatsala zoyera ngati mchere.

Dothi_ndi_Madzi:

Achimwene, zoyerazo musazinyalanyaze, zikhoza kusintha pulani yonse. Tengani madzi a pachitsimecho m'botolo loyera mukayezetse ku labotale ya za ulimi kapena ya za madzi musanasaine chilichonse. Funsani EC (muyeso wa kuchuluka kwa mchere m'madzi, wowerengedwa mu dS/m), pH (muyeso wa asidi m'madzi kapena m'dothi), sodium ndi ayironi. Malinga ndi muyeso wa madzi a mthirira wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, EC yosafika 0.7 dS/m ilibe vuto, ya pakati pa 0.7 ndi 3 imafuna kusamala, yoposa 3 ndi yovuta kwambiri. Zoyerazo zikhoza kukhala laimu chabe, amene vuto lake lalikulu ndi kutseka timadontho, kapena mchere weniweni umene umawotcha nsonga za masamba. Kumene mvula ndi yochepa mchere sukokoloka, umaunjikana chaka ndi chaka.

Madzi akakhala amchere, kathiriridwe kamasintha. Kuwaza pamasamba masana kumawawotcha, ndiye mthirira wodontheza umaposa sipulinkala. Koma dontho limakankhira mchere m'mphepete mwa malo onyowa, mudzaona mkombero woyera kuzungulira. Kamvula kochepa kakagwa kamasungunula mkomberowo n'kuubwezera ku mizu, n'chifukwa chake mvula yoyamba ikakhala yowaza simuzimitsa mthirira. Kamodzi pa mwezi kapena iwiri thirirani nthawi yowirikiza kuti mchere utsike kupitirira mizu, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha madzi akamalowa bwino pansi, monga anenera Mayi aja. Dothi likakhala la laimu wambiri, pH yoposa 7.5, mudzaona masamba anthete achikasu koma mitsempha yake yobiriwira. Ndi kusowa kwa ayironi. Kuwonjezera madzi kapena feteleza wa nayitirojeni sikuchiza, mwinanso kumawonjezera vutolo. Njira yotsika mtengo ndi kusankha zomera zolola dothi lotero kuyambira pachiyambi.

Za chiswe ndisiyane pang'ono ndi amene amati musaphimbire n'komwe. Nthaka yosaphimbidwa padzuwa lotere imataya madzi ambiri ndipo mizu yapamwamba imapsa. Phimbirani masentimita 5 mpaka 8, koma musiye mpata wa masentimita 10 kuzungulira thunthu, ndipo zophimbira zowola zisafike pakhoma. M'mbali mwa nyumba muike lamba wa miyala wa theka la mita, wopanda chodzala ndi wopanda dontho, kuti maziko akhale ouma ndipo njira ya chiswe ikayamba kukwera muione. Miyala igwiritseninso ntchito pa alovera ndi khonje, zimene sizifuna chinyezi pakhosi. Chiswe chimakonda kugwira mtengo wofooka kale ndi ludzu kapena wovulazidwa khungwa ndi chotchetchera udzu.

Wamthirira:

Kapinga musamusiyiretu, mumuchepetse. Masikweya mita 50 kapena 60 akwanira ana, ndipo pa mamilimita 30 ndi malita 1,500 mpaka 1,800 pa sabata, zimene thanki yanu ingapirire. Akhale chigawo chimodzi cha makona anayi, pamalo athyathyathya. Timizere topyapyala ta kapinga m'mbali mwa njira ndi timene timamwa madzi pachabe, chifukwa theka limagwera pasimenti. Mtundu wa Cynodon dactylon, umene ena amati Bermuda, umapirira dzuwa ndi kupondedwa, ndipo madzi akasowa umangofiira n'kudzaphukanso, koma pamthunzi sukula. Kikuyu amafuna madzi ochulukirapo. Onse awiri amayanga kulowa m'mabedi, ndiye pakhale malire a njerwa kapena simenti ozama masentimita 15 mpaka 20. Potchetcha musachotse kuposa gawo limodzi mwa atatu a msinkhu wake, ndipo nyengo yotentha mumusiye wotalikirapo.

Tsiku lolandira ntchito, musanapereke ndalama yomaliza, chitani izi mmisiri ali pompo. Ikani zitini zisanu ndi chimodzi zofanana pakapinga, tsegulani madzi mphindi 15, yesani kuya kwa madzi m'chitini chilichonse. Zikasiyana kwambiri, china kawiri kuposa chinzake, akonze kaimidwe ka masipulinkala. Zikafanana, mwadziwa mamilimita amene mumathira pa mphindi 15, ndipo nthawi yothirira mudzaiwerengera pamenepo. Tsegulani valavu iliyonse payokha, muyende mzere wonse kuona dontho lililonse. Mawa lake lasani kachitsulo kowongoka pansi pafupi ndi mtengo: kamalowa mosavuta ponyowa n'kuima pouma, ndiye mwaona pamene madzi afika.

Mtengo wongodzalidwa uyambe ndi timadontho tinayi ta malita 4 pa ola, tiwiri pamwamba pa chibulumwa cha mizu, tiwiri kunja kwake. Maola awiri ndi malita 32. Masabata awiri oyamba thirirani tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi, kenako kawiri kapena katatu pa sabata, kenako kamodzi koma nthawi yaitali, ndipo m'dothi lamchenga mipatayi ikhale yaifupi kuposa m'makande. Thirirani m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Chaka chilichonse sunthani timadontho kupita kumene nthambi zathera ndi kuwonjezera tina, chifukwa mizu yomwa madzi ili kumeneko, osati pathunthu. Zingwe zomangira mtengo ku chikhomo zikhale zomasuka kuti uzigwedezeka pang'ono, ndipo zichotsedwe chaka chisanathe zisanalowe m'khungwa. Fyuluta muitsuke sabata iliyonse mwezi woyamba kufikira mutadziwa kuti imadzaza msanga bwanji. Ndipo mmisiri asachoke asanakusiyireni chojambula chosonyeza pamene paipi iliyonse yadutsa, pamodzi ndi timadontho ndi zolumikizira zingapo zapadera za mtundu womwewo.